Chikepe chisagwe, chingoima

Wina mwa owerenga wanditumizira imelo. Akulemba nthano yoopsa ndipo akufunsa kuti: "N'chifukwa chiyani olemba nkhani zoopsa amakonda chikepe chonchi? Ine ndikufuna chingwe chiduke, anthu agwe nacho. Zikhala bwino?"

Achimwene, chingwecho chisiyeni. Kugwa kumaopsa kwa masekondi ochepa, kenako nkhani yathera pomwepo. Komanso sizichitika wamba. Mu 1854 Elisha Otis, katswiri wopanga zikepe, anaima pachikepe pamaso pa khamu la anthu ku New York n'kulamula kuti chingwe chidulidwe, mabuleki ake n'kugwira pompo. Zikepe za masiku ano zimapachikidwa pa zingwe zingapo. Mu 1945 chikepe cha mu Empire State Building, nyumba yosanja ya ku New York, chinagwadi nsanjika 75, koma zinatheka ndege yankhondo itachita kuwomba nyumbayo, ndipo Betty Lou Oliver amene anali m'katimo anapulumuka.

Mantha enieni ali pa kutsekeredwa. Kumanda kapena m'nkhalango munthu ukhoza kuliyatsa liwiro. M'chikepe uthawira kuti? Waima phewa ndi phewa ndi anthu osawadziwa, palibe wopereka moni, aliyense maso ali pa manambala, kafungo ka thukuta la mnzako kakukupeza. Wina akangotsokomola, nonse mwatembenuka. Filimu ya Devil ya 2010 inadyerera pomwepa: anthu asanu atsekeredwa m'chikepe ku Philadelphia, magetsi akathima n'kuyakanso wina wavulala kapena wafa, ndipo wochita zimenezi ali pakati pawo.

Ngakhale mzukwa siwofunika kwenikweni. Mu 1999 Nicholas White anatsika kukasuta fodya Lachisanu usiku kuntchito kwake ku New York, pobwerera chikepe n'kuima. Anakhala momwemo maola 41. Kamera inamujambula akukankha zitseko n'kupeza khoma basi, kugona pansi, kudzukanso. Kwa ine kanemayo amaopsa kuposa mafilimu ambiri.

Ndiye pali chitseko. Mumadina batani, koma chimene chikudikira kunjako simuchidziwa kufikira chitatseguka. Nyumba zambiri zosanja ku America zilibe batani la 13, zimachoka pa 12 kupita pa 14. Imitsani chikepe chanu pamenepo. Mulowetse anthu anayi pansi, muwatchule bwinobwino mmodzimmodzi, ndipo magetsi akabwerera wowerenga apeze m'kalirole muli asanu. Musafulumire kunena kuti wachisanuyo ndi uti.