Kodi McDavid wafika pamene anafika Gretzky ku Edmonton?

FUNSO

A Mkonzi, ine ndine bambo wachikulire wa ku Chilomoni, ndipo chikulire changa masewera amene ndimawadziwa ndi mpira wa miyendo basi. Mwana wanga wamwamuna akuphunzira mu mzinda wa Edmonton ku Canada, ndipo kumeneko wakopeka ndi masewera a hoki ya pa ayezi, moti atabwera kudzationa anandibweretsera jezi ya timu ya Edmonton Oilers yolembedwa nambala 97 kumsana. Iye akuti mwini nambalayo, Connor McDavid, ndiye katswiri woposa onse amene timuyo yakhala nawo chiyambire. Koma mnzanga wa kuntchito, amene anakhalako ku Canada kalekale, ataona jeziyo anapukusa mutu n'kunena kuti mwanayo sanaone zinthu, chifukwa palibe angafanane ndi Wayne Gretzky, komanso kuti ngakhale Mark Messier amamuposa McDavid popeza iye anatenga zikho. Ndaonerako masewera angapo pa foni ndipo liwiro la McDavid landizizwitsa, koma ndilibe poyambira kuweruza. Kodi pakati pa awiriwa wolondola ndani?

Wowerenga, Chilomoni, Blantyre

YANKHO

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi kukuuzani pamene ndaima: mnzanuyo walondola pa za Gretzky, koma sindikugwirizana naye pa za Messier, ndipo mwana wanu, ngakhale wapitirira malire pang'ono, maso ake sanamunamize pa zimene akuona.

Kuti timvane, tiyenera kudziwa kaye momwe amawerengera ntchito ya wosewera m'masewerawa. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pa ayezi, kuphatikizapo goloboyi, ndipo amasewera zigawo zitatu za mphindi 20, akumenya ndi ndodo kachimbale kolimba ka labala kotchedwa puck. Mu ligi ya NHL, imene ili ndi matimu a ku Canada ndi ku United States, wosewera amapatsidwa pointi imodzi akamwetsa chigoli, ndiponso pointi imodzi akapatsira mnzake amene wamwetsa, ndipo pa chigoli chimodzi opatsira amene amalembedwa amatha kukhala awiri. Choncho mukamva kuti wakuti anapeza mapointi 100 pa sizoni, ndiye kuti aphatikiza zigoli zake ndi zimene anakonzera anzake. Kufika pa 100 m'sizoni ya masewera 82 ndi chinthu chimene osewera ochepa okha amachikwanitsa.

Tsopano imvani za Gretzky. Iye anasewera mu NHL ndi timu ya Oilers kuyambira mu 1979, pamene timuyi inalowa mu ligiyo, mpaka pa 9 August 1988, tsiku limene anamugulitsa ku Los Angeles Kings, anthu a ku Edmonton n'kutsala ali kukamwa yasa. M'zaka 9 zimenezo anasewera masewera 696 ndipo anapeza mapointi 1,669. Mu sizoni ya 1981-82 anamwetsa zigoli 92, mu 1985-86 anapeza mapointi 215, ndipo kanayi konse anadutsa mapointi 200, pamene palibe munthu wina aliyense amene wafikapo pa 200 ngakhale kamodzi. Mphotho ya Hart Trophy, imene imapita kwa wosewera wofunika koposa mu ligi, anaitenga zaka 8 zotsatizana kuyambira 1980 mpaka 1987. Nayenso McDavid, amene Oilers inamusankha woyamba pa achinyamata onse mu 2015, pofika kumapeto kwa sizoni ya 2024-25 anali atasewera masewera 712 ndi kupeza mapointi 1,082. Muone kuti masewerawo ndi ofanana ndithu kuchuluka kwake, koma kusiyana kwa mapointi kukuyandikira 600.

Mwana wanu akamva zimenezi ayankha kuti nthawi zinali zosiyana, ndipo mfundo imeneyi si yoitaya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, masewera amodzi ankabala zigoli pafupifupi 8 tikaphatikiza matimu onse awiri, pamene masiku ano zimakhala cha m'ma 6. Agoloboyi a nthawi imeneyo ankavala zodzitetezera zazing'ono ndipo ambiri ankatchinga ali chilili, motero kachimbale kankadutsa mosavuta m'munsi. A lero amavala zotchinga zikuluzikulu, amagwada n'kutambasula miyendo kutseka pansi ponse, ndipo amakhala ndi aphunzitsi awoawo. Otchinga kumbuyo a masiku ano ndi aliwiro, ndipo timu iliyonse imaonera makanema a mdani wake isanakumane naye. Ligi inali ndi matimu 21, lero ili ndi 32, ndipo osewera aluso a ku Russia ndi maiko ena a kum'mawa kwa Ulaya, amene pa nthawi ya Gretzky ambiri sankaloledwa kutuluka kwawo, tsopano ali momwemo. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu amene angazikane ndiye kuti akukonda zakale kuposa chilungamo.

Koma pali muyeso wina umene kusiyana kwa nthawi sikungaukhudze, ndipo ndi umene ine ndimaudalira koposa: kodi katswiriyo anawasiya patali bwanji anzake amene ankasewera nawo pa ayezi yemweyo, polimbana ndi agoloboyi omwewo? Ngati zigoli zinali zosavuta kwa Gretzky, zinali zosavutanso kwa wina aliyense. Mu 1983-84 iye anapeza mapointi 205, pamene wachiwiri mu ligi yonse, Paul Coffey wa timu yake yomweyo, anali ndi 126. Mu 1985-86 wachiwiri anali Mario Lemieux wa Pittsburgh Penguins, katswiri amene ambiri amamuika pakati pa osewera opambana a nthawi zonse, koma iye anali ndi 141 pamene Gretzky anali ndi 215. Chimene chimandizizwitsa koposa pa chaka chimenecho n'chakuti mapointi 163 mwa 215 aja anali ongopatsira, kutanthauza kuti akanapanda kumwetsa chigoli ngakhale chimodzi, akanakhalabe woyamba. McDavid pa sizoni yake yopambana zonse, ya 2022-23, anamwetsa zigoli 64 ndi kupeza mapointi 153, ndipo womutsatira, Leon Draisaitl wa ku Germany amene amasewera naye limodzi, anali ndi 128. Kusiya wachiwiri ndi mapointi 25 ndi ntchito yaikulu zedi, koma Gretzky ankamusiya ndi oposa 70. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mkangano wa awiriwa watha.

Ndisakusiyeni ndi maganizo akuti McDavid ndi wamba, chifukwa kutero kungakhale kukunamizani. Gretzky sanali wathupi lalikulu kapena waliwiro loposa onse. Mphamvu yake inali m'mutu, ankaoneratu kumene kachimbale kadzafika, ndipo ankakonda kuima kuseri kwa golo la adani n'kumagawira anzake kuchokera kumeneko. McDavid mphamvu yake ili m'miyendo ndi m'manja, ndipo chimene munachiona pa foni paja ndicho chenicheni: amatha kuchoka kumbuyo kwenikweni, n'kudutsa otchinga atatu kapena anayi ali pa liwiro lonse, kachimbale kali phee ku ndodo ngati komata. Anakhala kaputeni mu 2016 ali ndi zaka 19, wamng'ono koposa m'mbiri ya NHL, ndipo watenga Hart Trophy mu 2017, 2021 ndi 2023. Mu 2020-21, sizoni imene inafupikitsidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, anapeza mapointi 105 m'masewera 56 okha. Mu 2023-24 anapatsira zigoli 100, chinthu chimene chaka chimenecho chisanafike anachichita anali Bobby Orr, Gretzky ndi Lemieux basi. Ndikukhulupirira kuti mutamutenga McDavid wa lero n'kumuponya m'masewera a mu 1985, otchinga a nthawi imeneyo sakanamuona n'komwe podutsa, ngakhale kuti kuyerekeza kotere sikuchitira chilungamo akale, amene analibe nsapato, ndodo ndi maphunziro zimene iye wakula nazo.

Tibwere kwa Messier, pamene ndasiyana ndi mnzanu. Messier, mwana wa m'dera la Edmonton lomwelo, anali nawo pa zikho zonse 5 za Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, zimene timuyi yatenga, mu 1984, 1985, 1987, 1988 ndi 1990, ndipo chikho chomalizachi anachinyamula ali kaputeni Gretzky atachoka kale, zimene zinatseka pakamwa onse amene ankati popanda Gretzky timuyo yatha. Mu 1994 anakatenganso china ali kaputeni wa New York Rangers. Anali wosewera wamphamvu, wosaopa kugundana, ndi mtsogoleri amene anzake ankamumvera. Ulemu umenewu palibe angamulande. Komabe mutu umodzi susenza denga, ndipo funso loyenera ndi lakuti denga la ku Edmonton analisenza ndi ndani. Messier ndi Gretzky anali ndi Jari Kurri wa ku Finland, amene anamaliza ndi zigoli 601 mu NHL. Anali ndi Coffey, wotchinga kumbuyo amene anamwetsa zigoli 48 m'sizoni imodzi. Anali ndi Glenn Anderson kutsogolo ndi Grant Fuhr pagolo. Kusonkhanitsa gulu lotere lero n'kovuta kwambiri, chifukwa kuyambira mu 2005 ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, motero timu ikakhala ndi akatswiri awiri odya malipiro aakulu, imakakamizika kuchepetsa kwina. McDavid anapeza timu imene inali itatha zaka zambiri osalowa m'ndime ya chipulumutso, imene matimu ochita bwino amalimbiranamo Stanley Cup sizoni ikatha, ndipo m'masizoni ake anayi oyamba inalowamo kamodzi kokha.

Ndipo sitinganene kuti iye amazimiririka zinthu zikafika pothina. Mu 2024 anafikitsa Oilers mu fainolo yolimbana ndi Florida Panthers, imene wopambana amayenera kuwina masewera 4 mwa 7. Atagonja masewera atatu oyamba, anawina atatu otsatira, McDavid akupeza mapointi 4 m'masewera achinayi ndi enanso 4 m'masewera achisanu, koma anagonja 2-1 m'masewera omaliza. M'ndime yonseyo anapeza mapointi 42, ndipo zigoli 34 zimene anapatsira zinaposa 31 zimene Gretzky anapatsira mu 1988. Anapatsidwa Conn Smythe Trophy, mphotho ya wosewera wopambana m'ndimeyo, ngakhale timu yake inagonja, ndipo anali munthu wachisanu ndi chimodzi chabe kuilandira ali mbali yogonja. Mnzanu akhoza kukumbutsa kuti m'masewera awiri omaliza a fainolo imeneyo McDavid sanapeze pointi, komanso kuti mu 2025 anagonjanso kwa Florida yomweyo m'masewera 6, ndipo zimenezi n'zoona ndithu. Bala limeneli lilipo ndipo ochemerera a Oilers amalimva kuwawa. Koma pa mapointi amene anapezera timuyi, McDavid anadutsa kale Messier, amene anali ndi 1,034, ndi Kurri, amene anali ndi 1,043, ndipo wachita izi m'masewera ochepa kuposa iwo, pa nthawi imene zigoli n'zovuta. Kwa ine iye ndi wachiwiri kwa Gretzky ku Edmonton, ndipo Messier ndi wachitatu.

Mkangano wa mtundu uwu si wachilendo kwa inu amene mwakhala mukupita ku Kamuzu Stadium. Akuluakulu amene anaona Kinnah Phiri akusewera ku Bullets ndi ku Flames m'zaka za m'ma 1970, pamene Malawi inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, savomera kuti wosewera wa lero angamufike, pamene achinyamata amakhulupirira zimene akuona ndi maso awo. Chosiyana n'chakuti ku hoki zonse zinalembedwa masewera ndi masewera, ndipo makanema a Gretzky alipo pa intaneti, motero mwana wanu angathe kudzionera yekha.

Mumuuze kuti akapitanso ku bwalo la Rogers Place, kumene Oilers yakhala ikusewera kuyambira 2016, akaime kaye panja pa chiboliboli cha Gretzky atanyamula chikho, kenaka akalowa akayang'ane kudenga kumene anapachika manambala a akatswiri akale amene wosewera wina wa timuyo saloledwanso kuvala: 11 ya Messier, 17 ya Kurri, 7 ya Coffey, 31 ya Fuhr, ndi 99 ya Gretzky, imene kuyambira mu 2000 sivalidwanso mu timu iliyonse ya NHL. Sindikukayika kuti 97 ili pa jezi yanuyo idzapachikidwa pomwepo McDavid akadzapuma.