Kodi nyanja yathu ikudzaza chifukwa cha madzi oundana a ku Greenland?

Bambo wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Akuti amamva pa wailesi kuti nyanja zikukwera chifukwa madzi oundana akusungunuka, ndiye akufunsa ngati n'zimene zinachititsa kuti nyanja ilowe m'malo ogona alendo ku Salima ndi ku Mangochi mu 2024. Akufunsanso chifukwa chake nthawi zina madzi amaphwera.

Bambo, pa funso loyambalo yankho ndi ayi. Nyanja ya Malawi ili mamita oposa 470 pamwamba pa nyanja ya mchere, choncho madzi a Indian Ocean sangakwere Zambezi ndi Shire kudzatipeza. Yathuyi imadzaza ndi mvula yobwera ndi mitsinje monga Ruhuhu, Songwe, Bua ndi Linthipe. Madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, ochepa n'kumatuluka mu Shire, komwe Kamuzu Barrage ya ku Liwonde imawawongolera. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayi imatsika zedi: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, Shire inaleka kutulutsa madzi.

Nyanja ya mchere ili ndi zake. Tsiku lililonse imakwera ndi kuphwera pafupifupi kawiri chifukwa mwezi umakoka madzi, dzuwa n'kumathandizira. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, mphamvu ziwirizi zimakokera pamzere umodzi ndipo kusiyana kumakula. Ku Beira madzi amatha kusintha ndi mamita oposa 6, n'chifukwa chake sitima zikuluzikulu zimadikira madzi akwere zisanalowe padoko.

Koma za pa wailesizo si zimenezi. Akunena za kukwera kwapang'onopang'ono kosabwerera msanga, ndipo magwero ake aakulu ndi awiri. Loyamba ambiri saliganizira n'komwe: madzi akatentha amafufuma. Nyanja zamwa kutentha kochuluka kumene mpweya wa mafuta ndi malasha ukutsekereza padziko, ndiye madzi omwewo akufuna malo aakulu. Lachiwiri ndi madzi oundana a pamtunda, ku Greenland (chilumba chachikulu cha kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi), ku Antarctica (kummwera kwenikweni) ndi m'mapiri ataliatali, amene akasungunuka amatsikira m'nyanja. Mawu oti pamtunda ndi ofunika pano. Madzi oundana oyandama kale panyanja, monga a ku Arctic, nyanja ya kumpoto kwenikweni, sawonjezera kwenikweni. Ikani ayisi m'kapu ya madzi, ikani chizindikiro, mudikire asungunuke. Madzi sadutsa chizindikirocho.

Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a za kusintha kwa nyengo la United Nations, linati pakati pa 1901 ndi 2018 nyanja zinakwera ndi masentimita pafupifupi 20. Zikuoneka zochepa, koma chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi liwiro: pakati pa 2006 ndi 2018 zinkakwera mamilimita 3.7 pachaka, pamene kuyambira 1901 mpaka 1971 anali 1.3 okha.

Kutsika nakonso kumachitika. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, dziko litazizira kwambiri, madzi ochuluka anaundana pamtunda ndipo nyanja zinali mamita pafupifupi 120 pansi pa pomwe zili lero. Munthu ankatha kuyenda pansi kuchoka ku Siberia (ku Asia) kupita ku Alaska (ku America), madera amene lero analekanitsidwa ndi nyanja. Posachedwapa, mu 2010 ndi 2011, masetilaiti anaona nyanja zitatsika ndi mamilimita pafupifupi 5 chifukwa La Niña, nyengo imene madzi a mbali ina ya nyanja ya Pacific amazizira kuposa masiku onse, inagwetsa chimvula ku Australia ndi madera ena, madziwo n'kutsalira kumtunda. Pasanapite nthawi zinayambanso kukwera.

Mwina mukuti ife a ku Lilongwe zikutikhudza bwanji. Mafuta a galimoto ndi feteleza wathu amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Beira ndi mzinda wa m'chidikha, ndipo namondwe wa Idai ataomba mu Marichi 2019, mzindawo unaphwanyika, msewu wolowera kumtunda n'kuduka. Nyanja ikamakwera, namondwe wotsatira amapeza madzi ali kale pamwamba, ndipo doko likaima mizere ya pa filing'i siteshoni kuno siichedwa kutalika.