Silent Hill 2: Director's Cut ya pa PS2 ija gulani, muli nkhani ya Maria

Achimwene, mwati munamaliza Silent Hill 2 yatsopano ija pa PS5, ndiye wina akukutsatsani disiki ya PS2 yolembedwa Director's Cut, ndipo mukufuna kudziwa ngati muli china chake chatsopano kapena a Konami anangosintha chikuto kuti adyepo kawiri. Chatsopano chilimo, ndipo ndi chinthu chimene gemu ya 2024 ija inatuluka ilibe. Ine ndikuti gulani, bola makina anu aiwerenge. Anzathu amene simunasewerepo Silent Hill 2 lekezani pompano, chifukwa m'munsimu ndiulula nkhani yonse mpaka kumapeto.

Gemuyi inayamba kutuluka pa PS2 mu Seputembala 2001 ku America ndi ku Japan, ku Ulaya n'kufika mu Novembala. Anaipanga ndi kagulu ka mkati mwa Konami kotchedwa Team Silent: wotsogolera anali Masashi Tsuboyama, zilombo anajambula ndi Masahiro Ito, nyimbo ndi maphokoso onse aja ndi ntchito ya Akira Yamaoka. Chaka chomwecho chisanathe anaitulutsanso pa Xbox atawonjezeramo zinthu, ku America n'kuitcha Restless Dreams. Ku Ulaya ya pa Xbox inatchedwa Inner Fears, ku Japan Saigo no Uta. Kenako zowonjezerazo anazibweretsa pa PS2: ku America zinalowa mu disiki ya Greatest Hits mu 2002, ku Ulaya mu Director's Cut mu 2003. Mayina achuluka, koma katundu wake ndi mmodzi. Kuti mutsimikize kuti sakukupusitsani, muuzeni wogulitsayo aiyatse muli pomwepo. Mukasankha kuyamba gemu yatsopano pazioneka nkhani ziwiri: Letter from Silent Heaven, yomwe ndi nkhani imene mukuidziwa ya James, bambo uja wofunafuna mkazi wake Mary, ndi Born from a Wish. Yachiwiriyi ikasowa, ndiye kuti m'bokosimo aikamo disiki yakale ya 2001.

Mu Born from a Wish mumayendetsa Maria, mkazi uja wofanana nkhope ndi Mary. Imayamba iye ali yekha m'kachipinda ka ku bala ya Heaven's Night, mfuti ili m'manja, James asanakumane naye ku Rosewater Park. Wadzuka n'kupeza m'tauni mulibe munthu, muli zilombo zokhazokha. Akulankhula chamumtima kuti alibe chifukwa chokhalira ndi moyo, komabe imfa akuiopa, ululu akuuopa kwambiri, ndipo chimene akufuna n'kupeza munthu wina aliyense chifukwa kukhala yekha sakukufuna. Mawu amenewa muwasunge, ndiwabwereranso.

Amatuluka m'chifunga muja ali ndi mfuti ija ndi chimpeni chodulira nyama. Tochi alibe, kawailesi kaja kamene kamamuchenjeza James chilombo chikayandikira alibenso, ndiye mumayenda mukudalira maso ndi makutu anu basi. Njira zonse zimakukankhirani ku chinyumba cha banja la a Baldwin, choyandikana ndi Blue Creek Apartments. M'menemo Maria amagwira chitseko china, wina n'kuchikankha kuchokera mkati. Ndi bambo wotchedwa Ernest Baldwin, ndipo sakufuna kuonana ndi munthu. Gemu yonseyi nkhope yake simuiona. Mumangomva mawu ake kuseri kwa chitseko, Maria ataima panja akumuchonderera kuti atsegule, iye akuyankha mwaulemu koma osatsegula.

Pang'ono ndi pang'ono mumatola nkhani ya nyumbayo. Ernest anali ndi mwana wamkazi, Amy, amene anamwalira ali ndi zaka 7 atagwa pawindo la kachipinda ka kudenga. Mumasonkhanitsa timatabwa titatu, koyera, kofiira ndi kakuda, n'kutilowetsa pamwala wachikumbutso kuti mupeze kiyi. Mumatenga machesi, kukwera kudenga kuja kuli mdima, kuyatsa kandulo, ndipo mumapeza khadi la tsiku lobadwa limene mwanayo anakonzera bambo ake koma sanawapatse. Maria amalitenga n'kukalilowetsa kwa Ernest. Apa m'pamene bamboyo amamvetsa chimene mwana wake anakwerera kudenga tsiku limenelo, ndipo mawu ake amasintha. Palibe chilombo chikukuthamangitsani pamenepo, palibe nyimbo yokudzidzimutsani, koma kwa ine malo amenewa amawawa kuposa ndende ya Toluca yonse.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ambiri amakadutsa. M'chipinda cha mwana muli chidole cha chimbalangondo. Mukachiyang'ana, Maria amaganiza za Laura, kamtsikana kaja ka m'nkhani ya James, kuti akanachikonda. Komatu pa nthawiyi Maria sanakumanepo ndi Laura. Amene ankamudziwa Laura anali Mary, m'chipatala muja ankadwalira limodzi. Ndiye mukuona mkazi amene m'mutu mwake mukutumphuka zikumbukiro za munthu wina, iye osadziwa kumene zikuchokera. M'nkhani yaikulu zimenezi mumaziona ndi maso a James, pamene Maria ali kuseri kwa zitsulo mu Labyrinth n'kuyamba kukamba za kaseti ya vidiyo imene James anaiwala ku hotela, ndipo zimakuopsani chifukwa simukudziwa ngati akulankhulayo ndi Maria kapena Mary. Kuno mumazimva kuchokera mkati mwa mwini wake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuposa kuopsa.

Ernest amamupempha Maria kuti akamutengere botolo la madzi oyera ku Blue Creek. Inu amene munafufuza mathero onse mwazindikira kale: ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene James amasonkhanitsa pofuna mathero a Rebirth, aja amapalasa bwato pa nyanja ya Toluca kupita pachilumba ndi chiyembekezo choti aukitsa Mary. Ernest akufuna kuchita mwambo womwewo kuti abweze Amy. Bambo woferedwa mwana ndi mwamuna wopha mkazi wake akugogoda pakhomo limodzi, ndipo tauniyo ikuwalonjeza chinthu chimodzi. Maria atabweretsa botololo, Ernest amamuuza kuti iye, Mariayo, anabadwira m'tauni momwemo. Amamuchenjezanso za James, kuti ndi munthu woipa, ndiponso kuti amene akumufunafuna ndi Maria amene si Maria. Potsiriza Maria amatsegula chitseko chija. M'chipindamo mulibe munthu.

Kumapeto amaima mumsewu, kuloza mfuti pamutu pake, kenako n'kuitsitsa, kuiponya kuseri kwa khoma, n'kuyamba kuyenda kupita kumene kuli James. Ndiye ganizani zimene zikumudikira. Pyramid Head, chilombo chija cha chipewa chachitsulo chosongoka, amamubaya pakhomo la elevator ku Brookhaven Hospital. James amamupezanso wamoyo mu Labyrinth, n'kubwerera kudzamupeza atafa pabedi. Ku Lakeview Hotel amaphedwanso kachitatu James akuonerera. Uyu ndi mkazi uja anayamba n'kutiuza kuti ululu amauopa. Mukasewera nkhani ya James yokha, n'kosavuta kumutenga Maria ngati chida chabe: tauni yatenga nkhope ya Mary, yaiveka siketi yaifupi ndi tsitsi lopaka utoto monga mmene mtima wa James unkalakalakira pa nthawi imene mkazi wake ankadwala, kenako ikumupha mobwerezabwereza kuti James akumbukire zimene anachita ndi pilo uja. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma Born from a Wish imakukanizani kuimira pomwepo. Imakuonetsani kuti chidacho chili ndi mantha akeake, chinachitira chifundo bambo wosamudziwa, chinachenjezedwa, ndipo chinapitabe chifukwa kukhala chokha chinakuona kuti n'koipa kuposa kupita kwa munthu woipa. Mukabwerera ku nkhani yaikulu mutadziwa zimenezi, pamene Maria akumukalipira James m'chipinda chapansi ku Brookhaven kuti sanamusamale, simumvanso ngati ndi tauni ikumuseweretsa James. Mumamva munthu amene akudandaula zenizeni. Ngakhale mathero aja a Maria, amene ambiri amawatenga ngati chilango cha James pomva Maria akuyamba kutsokomola, amasanduka nkhani ya anthu awiri.

Pali ena m'gulu muno amene anganene kuti chinsinsi cha Maria chinali bwino chisanafotokozedwe. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo, chifukwa gawoli silimasulira zambiri. Silikuuzani kuti Ernest ndi mzimu kapena ayi, silikuuzani ngati mwambo wake unatheka. Limangokusinthirani malo oimapo.

Zofooka zake zilipo, ndisakubisireni. Ndi lalifupi, pafupifupi ola limodzi, ndipo mathero ake ndi amodzi. Zilombo ndi zomwe zija mumakumana nazo koyambirira kwa nkhani ya James, palibe chatsopano, ndipo Pyramid Head mulibe. Kumenyana n'kolimba manja ngati mmene zilili mu gemu yonse yakaleyi. Chowonjezera china ndi mathero a UFO, nthabwala imene Team Silent inayamba mu gemu yoyamba ya 1999. Mukamaliza nkhani zonse ziwiri, mumapeza mwala wa buluu m'chimbudzi chija James amayambira, n'kuugwiritsa ntchito malo atatu, omaliza ndi chipinda 312 ku hotela. Amatulukira Harry Mason, mwini nkhani wa gemu yoyamba ija, wooneka monga ankaonekera pa PS1. Pamodzi ndi Leave, In Water, Maria, Rebirth ndi Dog, mathero amakwana 6.

Musaiwalenso kuti pa disiki yomweyo mukupeza nkhani ya James mmene inalili poyamba, ndipo kwa munthu wochokera ku gemu yatsopano ija imene anapanga a Bloober Team imeneyi ndi gemu ina. Ya 2024 ija ndi yabwino, sindikuinyoza, Yamaoka ndi Ito anagwiranso nawo ntchito. Koma kamera anaiika kumbuyo kwa phewa la James, malo anawakulitsa, kumenyana anakuchulukitsa, moti kutalika kwake kunafika pafupifupi kawiri. Yakale kamera imaima pamene yafuna yokha. Mumalowa m'chipinda, kamera ikuyang'ana nkhope ya James, wailesi ikulira, chinthu chikukwawa kutsogolo kwake koma inu simukuchiona. James wakaleyo satha ndewu, akamenya ndi thabwa lija amachedwa kulibweza, ndipo nthawi zambiri nzeru ndi kuzimitsa tochi n'kudutsa mwakachetechete. Mawu a anthu ake amamveka achilendo, ngati anthu olankhula ali m'tulo, ndipo poyamba mudzaona ngati sanathe kusewera bwino. Pirirani mpaka mumve Monica Taylor Horgan, amene analankhulira Mary ndi Maria yemwe, akuwerenga kalata ija kumapeto. Mathero nawonso gemu imakusankhirani mwakachetechete poona khalidwe lanu: mukamayenda ndi mabala osadzichiritsa n'kumayang'anitsitsa mpeni wa Angela (mtsikana uja James amakumana naye kumanda), ikukukokerani ku In Water, mukamakhala pafupi ndi Maria, kumuteteza ndi kukamuzonda pamene wagona ku chipatala, ikukukokerani kwa iye.

Popeza nkhani mukuidziwa kale, mukhoza kuyamba ndi Born from a Wish tsiku lomwelo. Komabe ndikanakonda muyambe ndi James, kuti Maria wa 2001 mumuzolowere kaye mawu ndi mayendedwe ake, chifukwa ndi wosiyana ndi wa 2024, wakuthwa pakamwa komanso wosinthasintha msanga. Amene sanasewerepo n'komwe asayerekeze kuyamba ndi gawo la Maria ngakhale kuti zochitika zake ndi zoyambirira. Adzangoona mayi akuzungulira m'nyumba yopanda anthu, za Laura ndi za botolo zija osazitolapo kanthu.

Wina m'makomenti wanena kuti mungogula Silent Hill HD Collection ya pa PS3 kapena Xbox 360, poti Born from a Wish ilimonso. Ilimodi, koma imeneyo ikhale njira yomaliza. Inatuluka mu 2012, anaikonza ndi a Hijinks Studios, ndipo zinadziwika kuti anapatsidwa source code (malemba a pakompyuta opangira gemuyo) yosamalizidwa chifukwa yomaliza sinasungidwe. Chifunga chinachepa moti malo ena mumaona pamene dziko la gemu lathera, zinthu zimene opanga ake anazibisa dala. Mawu anajambulanso ndi anthu ena, James n'kukhala Troy Baker, ngakhale kuti mu Silent Hill 2 anasiyamo mwayi wosankha mawu akale. Ya pa PS3 inalandira patch yokonza zolakwika, ya pa Xbox 360 patch yake inalephereka. Mu gemu imene chifunga ndiye khoma, denga ndi mantha omwe, kuchichepetsa n'kuigwetsa. Ngati muli ndi kompyuta, ya pa PC ya 2002 ilinso ndi gawo la Maria, ndipo okonda gemuyi anapanga Enhanced Edition yoikonza kuti iziyenda bwino pa makina a masiku ano.

Musanapereke ndalama onani zinthu izi. PS2 imasankha dera: disiki yolembedwa Director's Cut ndi ya PAL, ndiye imafuna makina a PAL, monga ochokera ku UK kapena ku South Africa. Ngati PS2 yanu inachokera ku America kapena ku Japan ndipo sinatsegulidwe, siiwerenga. Itembenuzeni disikiyo muione pa kuwala. Timizere tating'ono si vuto kwenikweni, koma mzere wakuya woyenda mozungulira ndi umene umaimitsa mavidiyo pakati. Muisiye vidiyo yoyambirira ithe yonse, kenako mulowe mu Born from a Wish mpaka Maria atuluke panja. Mufunikanso memory card yokhala ndi malo, chifukwa popanda kusunga kuti mwamaliza nkhani zonse ziwiri mwala wa buluu uja simudzauona. Ngati m'nyumba muli ana, isewereni iwo atagona: ku America inapatsidwa chizindikiro cha M, cha azaka 17 kupita m'tsogolo, ndipo nkhani ya Angela ndi bambo ake komanso mfuti ya Maria ija si zoti mwana aonere.