Ife anatigamulira tisanatsegule pakamwa

Achemwali, ndangowerenga zoti a gulupu agamula za munda wanu inu muli kuchipatala ndi mwana, manja akunjenjemera. Zomwezi zinatigwera ife mu 2019 kuno ku Nkhotakota. Dimba la mayi anga m'mbali mwa mtsinje wa Bua, lomwe akhala akulimamo mpunga ine ndisanabadwe. Bambo atangomwalira, mkulu wina anayamba kudya malire pang'onopang'ono, chaka chino pang'ono, chamawa pang'ono. Mkuluyo ndi mlamu wake wa a gulupu. Khoswe wapamkhate, mumuphera pati?

Uthenga unabwera Lachinayi madzulo kuti mlandu ndi mawa m'mawa. Tinakongola ya chabwalo usiku womwewo. Kufika kubwalo, ife pansi pafumbi, mkulu uja pabenchi moyandikana ndi nduna, akuseka nazo. Analankhula mpaka dzuwa kufika pamutu, osamudula aliyense. Mboni yathu inali agogo ena oyendera ndodo, amene anaona ndi maso agogo anga akudzala nthochi za m'malire. Atangoti "ine ndinalipo", nduna imodzi inati "khalani pansi gogo, zakalekale sitikuzifuna pano". Agogowo anakhala pansi. Mayi anga anaimirira, chitenje chili m'manja akupukuta misozi, akuti nthawi yatha. Kenako nduna ija inapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopindapinda, lachikalekale m'makona, n'kuyamba kuwerenga chigamulo. Ndiye kuti analemba liti? Kudimba kuja sanapondeko ndi phazi lomwe. Mpaka lero ndikamuona mkuluyo pa njinga yake pa boma, mtima umawira. Amapemphera mokweza ngati mngelo, munthu wolanda wamasiye.

Dimba likanapita titamvedwa, mwina tikanangoti Mulungu ndi amene akudziwa. Koma kutikhazika pafumbi tsiku lonse kuti tikhale oonerera mlandu wathu womwe!

Tinadzadziwa mochedwa kuti malamulo aakulu a dziko lino, gawo 43, amati wogamula za moyo wako ayendetse zinthu mwachilungamo, ndipo akupatse zifukwa zolembedwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo okhala ndi amayi osachepera atatu, ndipo ukapanda kukhutira umakasuma pamwamba. Kwathu kuja kunalibe mayi ndi mmodzi yemwe pabenchi. A Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya, ife sitinkadziwa.

Ndiye achemwali, musalumphe mfumu. Ndikudziwa ndanena zambiri, komabe yambani komweko, mugwade, muwombe m'manja, mupemphe kuti mlandu aubwereze inu mulipo. Nkhuku ngati ilipo tengani, musapite manja lendelende. Koma mupemphe chigamulo chapapepala chokhala ndi chidindo, muchijambule pafoni tsiku lomwelo. Kalata ya kuchipatala isatayike, ndi umboni wanu woti simunathawe bwalo. Mboni zanu muzijambule mawu zikadali moyo, agogo a ndodo aja, mboni yathu, anamwalira chaka chotsatira. A gulupu akakana, pitani kwa a T/A, akakananso ku ofesi ya malo pa boma. Ndipo munda uja musausiye ugonere, limani ndithu mvula ikangogwa.