Mwana akafunsa za mfuti ya pa mbendera, timuyankhe chiyani?

Mphunzitsi wina wa kalasi yachinayi m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, watilembera pa imelo. Akukonzekeretsa ana chikondwerero cha tsiku la ufulu pa 25 Juni, koma zinthu ziwiri zamuimitsa mutu. Ana akawauza kuti ajambule mbendera akuisakaniza ndi ya Malawi, ndiye mtsikana wina wafunsanso kuti: ngati tili pa mtendere, mfuti ikutani pa mbendera yathu?

Aphunzitsi, tiyambe ndi mtsikanayo, pakuti funso lake ndi lanzeru ndipo musalizembe. Mwana mukamuuza kuti «zimenezo n'za akuluakulu», amangophunzira kuti mbendera ndi chinthu choopa kufunsa. Musonyezeni kuti mfutiyo siili yokha. Yapingasana ndi khasu, ziwirizo zagona pa buku lotsegula, ndipo zonse zili pa nyenyezi yachikasu. Buku ndi maphunziro, khasu ndi ulimi ndi ntchito, mfuti ndi kuteteza dziko, nyenyezi ndi ubale wathu ndi mitundu ina. Bweretsani khasu lenileni m'kalasi, muliike pa buku la mwanayo patebulo, mufunse kuti pa zinthu zitatuzi ndi ziti zimene banja lake limagwira tsiku ndi tsiku. Ayankha yekha kuti khasu ndi buku. Pamenepo mum'fotokozere kuti mfuti ikukumbutsa mmene ufulu unabwerera: nkhondo yomenyana ndi atsamunda achipwitikizi inayamba pa 25 Seputembala 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo inatha ndi pangano la ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974. Mumuuzenso kuti si iye yekha amene anadabwapo. Mu 2005 akuluakulu a dziko anakangana pa nkhani yosintha mbendera, ena akufuna mfutiyo ichoke, koma mbendera inatsala momwe ilili. Ife tikuona kuti mwana wa zaka khumi angathe kumva zonsezi, bola mphunzitsi asalowetsepo za chipani. M'kalasi mwanumo muli ana ochokera m'mabanja a zipani zosiyanasiyana, ndipo mbendera ndi yawo onse.

Za kusakaniza ndi ya Malawi musawakalipire. Mwana wa ku Ulónguè kapena ku Tsangano amapita kumsika wa m'malire, ali ndi amalume tsidya linalo, amamva wailesi ya kumeneko. Jambulani mbendera ziwirizi pa bolodi moyandikana. Ya Malawi ili ndi chakuda pamwamba pomwe pali dzuwa lotuluka, chofiira pakati, chobiriwira pansi, ndipo tsiku lawo la ufulu ndi 6 Julaye 1964. Yathu, imene inakhazikitsidwa mmene ililimu pa 1 Meyi 1983, imayamba ndi chobiriwira pamwamba, chakuda pakati, chachikasu pansi, timizere toyera tiwiri tikulekanitsa, ndipo chofiira chili m'mbali ya ku mtengo, cha ngodya zitatu.

Matanthauzo a mitundu musawaloweze pamtima ngati ndakatulo. Chobiriwira ndi chuma cha nthaka, ndiye tchulani chimanga, mbatatesi ndi nyemba za kwanuko. Chachikasu ndi chuma cha pansi pa nthaka, ndipo m'chigawo chathu chitsanzo chili pafupi, malasha a ku Moatize. Chakuda ndi Africa, choyera ndi mtendere ndi chilungamo cha nkhondo ya ufulu, chofiira ndi kulimbana ndi utsamunda kwa zaka mazana.

Pojambula, tengani pepala lolimba la masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi. Kuchokera pamwamba yezani 12, kenaka 2, 12, 2, 12, zikwana 40 ndendende. Nsonga ya chofiira igwere pakatikati pa mzere wakuda, koma isafike theka la pepala. Timizere toyera musapake kanthu, pepalalo ndi loyera kale. Ana ambiri amatiiwala chifukwa amayamba kupaka asanalembe malire ndi pensulo. Ayambe ndi chachikasu, atsirize ndi chakuda. Akayamba ndi chakuda, dzanja limachikokera pa chachikasu n'kusanduka matope. Nyenyezi ndi buku azidule pa pepala lina n'kumata chofiira chitauma, poti chachikasu chopakidwa pamwamba pa chofiira sichioneka. Ngati guluu palibe, phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma likachuluka pepala limakwinyika.

Nyimbo ya fuko, Pátria Amada, inayamba kugwira ntchito mu 2002. Vuto lake kuno n'lakuti ili m'Chipwitikizi, ndiye ana amene kunyumba amalankhula Chichewa amangoimba maphokoso osadziwa chimene akunena. Ifotokozeni mzere ndi mzere m'chilankhulo chawo musanayambe kuimbitsa. Pamene yatchula Rovuma ndi Maputo, aonetseni pa mapu malire a kumpoto ndi a kumwera, kenaka mwana mmodzi aloze Zambezi ndi mzinda wa Tete kuti adzipeze okha m'dzikomo. Woyambitsa nyimbo ayambire pansi. Akayambira pamwamba, pofika pa kolasi mawu a ana amathera m'khosi.

Tsiku la 25 Juni lenilenilo sukulu imakhala yotseka ndipo akuluakulu a boma amakaika nkhata ya maluwa pa bwalo la ngwazi, choncho mwambo wa kalasi muchite tsiku la sukulu lotsiriza lisanafike tsikulo. Usapitirire mphindi 40. Juni ku Angónia kumazizira, ana ena alibe majuzi, ndipo mwana wonjenjemera samva mawu a aliyense. Dikirani dzuwa likwere. Ana awiri akweze mbendera pang'onopang'ono nyimbo ili mkati, wachitatu agwire m'munsi kuti isakhudze pansi. Mangani kansalu pa chingwe cha kumbali yobiriwira dzulo lake, chifukwa kukweza mbendera chadodolido kumachitika anthu akamamanga mothamanga alendo atafika kale. Mwana mmodzi anene mwachidule kuti pa 25 Juni 1975 Samora Machel, pulezidenti woyamba wa dziko lino, analengeza ufulu pa bwalo la masewero la Machava. Kenaka magule. Chimtali ndi ngoma zimakwana bwino. Za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, musaveke ana zigoba zongoyerekeza. Mukamufuna, kapempheni kwa mafumu ndi eni dambwe.

Masiku ena musawaunjike m'phunziro limodzi, lililonse lidikire nthawi yake. Pa 3 Febuluwale timakumbukira ngwazi, tsiku limene Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa gulu lomenyera ufulu la Frelimo, anaphedwa ku Dar es Salaam mu 1969. Pa 7 Epulo ndi tsiku la amayi a ku Mozambique, tsiku limene Josina Machel, mayi womenyera ufulu, anamwalira mu 1971. Nkhani ya Wiriyamu, pafupi ndi mzinda wa Tete, kumene asilikali achipwitikizi anapha anthu mazana a m'midzi pa 16 Disembala 1972, ndi yathu ndipo iyenera kuphunzitsidwa, koma isungireni a kalasi yachisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo.

Tsiku limene tikukupemphani kuti musalidumphe ndi 4 Okutobala, pamene pulezidenti wa nthawiyo Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere lothetsa nkhondo yapachiweniweni ku Rome mu 1992. Nkhondo yapachiweniweni ija inathamangitsira mabanja ambiri a m'chigawo chino ku Malawi, ndipo agogo a ana anuwo akuikumbukira. Sabata ya tsikulo itanani agogo mmodzi kapena awiri adzafotokoze za ulendo wobwerera kumudzi nkhondo itatha. Muwauziretu kuti omvera ndi ana a zaka khumi, asatchule maina a anthu kapena kulongosola za imfa, ndipo muwapatse mphindi 15.