Seva ikuti green, koma pulogalamu ikuti sikupeza node ngakhale imodzi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Nkhotakota, amene amayang'anira makompyuta pa ofesi ya gulu la alimi a mpunga. Funso lawo likukhudza Elasticsearch, pulogalamu yosunga ndi kufufuza zolemba, yomwe aiika mu Docker, chida choyendetsera mapulogalamu aliyense m'kabokosi kakekake pa kompyuta imodzi. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Tili ndi Elasticsearch 7.17, ma node atatu, onse mu Docker pa seva imodzi. M'menemo ndi momwe timafufuzira mayina a alimi, minda yawo ndi matumba amene aliyense wabweretsa. Ndikakhala pa sevayo n'kulemba curl localhost:9200/_cluster/health, imayankha kuti green. Koma pulogalamu yathu ya Java, yomwe ili pa kompyuta ina, ikungoti NoNodeAvailableException: None of the configured nodes are available. Ndazimitsa n'kuyatsanso kanayi konse. Akalaliki abwerera kolemba m'makope, alimi ali pamzere panja. Kodi ndifafanize zonse ndiyambirenso?"

Achemwali, musafafanize kanthu. Mayina a alimi anuwo ali bwinobwino, ndipo green yomwe mukuionayo sikukunamizani. Kungoti ikuyankha funso lina. Green imatanthauza kuti ma shard onse (zigawo za zolemba zanu), pamodzi ndi makope ake, apeza pokhala m'ma node atatuwo, omwe ndi ma Elasticsearch atatu ogwira ntchito limodzi ngati gulu limodzi lotchedwa cluster. Sikunenapo chilichonse za mlendo wochokera kunja, ngati angafike pakhomo kapena ayi. Inu mwakhala mukufunsa muli m'nyumba kale, pamene wokanidwayo ali kubwalo. Choncho nyamukani pa sevapo, mukakhale pa kompyuta yomwe pali pulogalamu ya Java, ndipo zonse zimene ndikuuzeni apazi muziyesere pamenepo.

Uthenga umene mwandikopera wandiuza kale zambiri. Mawu akuti None of the configured nodes are available amatuluka mu TransportClient, njira yakale imene mapulogalamu a Java amalumikizirana ndi Elasticsearch. TransportClient salowera pa port, kapena kuti khomo, la 9200. Elasticsearch ili ndi makomo awiri: 9200 ndi la HTTP, lomwe curl ndi msakatuli amagogodapo, pamene 9300 ndi lomwe ma node amalankhulirana okhaokha m'chinenero chawo. TransportClient amalankhula chinenero cha ma node, ndiye khomo lake ndi 9300. Curl yanu yatsimikiza kuti khomo la 9200 ndi lotsegula, koma la 9300 simunaliyesepo n'kamodzi komwe.

Ndikukayikira kwambiri kuti fayilo yanu ya docker-compose munaitenga pa chitsanzo chimene a Elastic anaika m'malangizo a mtundu 7. Ambiri timayambira pomwepo. Chitsanzo chimenecho chili ndi ma node atatu, es01, es02 ndi es03, koma chimatulutsira kunja port 9200 yokha, pa es01 basi. Ma node amamvana pa 9300 mkati mwa netiweki ya Docker, n'chifukwa chake cluster ili green, koma kunja kwa makinawo 9300 kulibe. Yang'anani pansi pa mawu akuti ports. Ngati pali mzere umodzi wokha, onjezani wina wa 9300:9300.

Musanasinthe, lembani nc -vz (lamulo loyesera ngati khomo ndi lotsegula), kenako adiresi ya seva ndi 9300, ndipo mumvetsere mmene ikukukanirani, chifukwa kukana kulipo kwamitundu iwiri ndipo anthu amakusokoneza. Ikayankha nthawi yomweyo kuti Connection refused, ndiye kuti mwafika pa makina enieniwo koma palibe amene akumvetsera pa khomolo. Vuto lili pa seva, ndipo ss -ltn, mukailemba pa sevayo, idzakuonetsani ma port amene ali otsegula. Koma ikangokhala duu kwa kanthawi kenako n'kuti timed out, uthenga wanu ukutayika panjira: mwina firewall ikuumeza, mwina adiresiyo ilibenso mwini.

Zachiwirizi zinandionekera kuno ku Salima, pa ofesi ina yomwe ndimathandizako. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, magetsi anathima masana n'kuyaka cha m'ma 4 koloko. Zonse zinadzuka bwino, kupatula kufufuza. Ndinakhala m'kachipinda kopanda zenera, thukuta lili kamukamu, ndikuwerenga ma log a Elasticsearch omwe analibe cholakwa chilichonse. Kenako ndinagwada kuseri kwa tebulo, n'kulumikiza sikirini ku sevayo, n'kulemba ip addr. Adiresi yomwe tinkaidziwa kuti imathera ndi 20 inali itasanduka 34. Rauta itadzuka inagawa maadiresi mwatsopano, ndipo pulogalamu inali ikugogodabe pa nyumba yomwe mwini wake wasamuka. Kwathu kuno, kumene makina amazima mosakonzekera kawirikawiri, seva iliyonse iyenera kukhala ndi adiresi yokhazikika. Ngati yanu ikulandirabe kwa DHCP, njira yomwe rauta imagawira maadiresi yokha, konzani zimenezo lero lomwe, ngakhale vuto la lero litakhala lina.

Tinene kuti 9300 yatseguka koma uthenga uja ukubwerabe. Chotsatira ndi dzina. TransportClient akafika pa node amafunsa dzina la cluster, ndipo likasiyana ndi limene anauzidwa, amatembenuka n'kuiyesa node ija ngati kulibe. Ngati simunamuuze dzina lililonse, iye amayembekezera lakuti elasticsearch. Koma Elasticsearch ya mu Docker imabwera ndi dzina lakuti docker-cluster, ndipo chitsanzo cha ma node atatu chija chimaika es-docker-cluster. Lembani curl ku 9200 popanda chowonjezera, muone cluster_name, ndipo mulikopere ndendende mu cluster.name ya pulogalamu yanu. Pa yankho lomwelo pali nambala ya mtundu. Iyerekezeni ndi ya laibulale yomwe pulogalamu ya Java inamangidwira. Zikhale zofanana, 7.17 ndi 7.17.

Tsopano nkhani ya sniff, yomwe ndikufuna ndichedwepo, pakuti ndi imene imagwetsa ulesi anthu ambiri amene achita zonse zapamwambazi molondola.

Fufuzani m'pulogalamu yanu mawu akuti client.transport.sniff. Ngati ali true, chimene chimachitika ndi ichi. Pulogalamu imafika pa adiresi yomwe munaipatsa, imalandiridwa, kenako imafunsa kuti, "Anzanu onse amakhala kuti?" Node iliyonse imatchula adiresi imene iyo imadzidziwa nayo. Pulogalamu imatenga maadiresi atsopanowo n'kusiya ija munaipatsa inu. Pa makina wamba zimenezi n'zabwino, chifukwa node imodzi ikagwa pulogalamu imadziwa kale kwa anzake. Koma node ya mu Docker imadzidziwa ndi adiresi ya mkati, monga 172.18.0.2, yomwe ili ndi tanthauzo pa seva yokhayo. Zili ngati mlendo watsika basi pa Kamuzu Road, wafunsa kumene mumakhala, wina n'kumuuza kuti "chipinda chachitatu kumanja". N'zoona, koma zingathandize munthu amene ali kale m'nyumbamo. Pulogalamu yanu imayesa maadiresi atatuwo, onse amalephera, n'kutsala chimanjamanja. N'chifukwa chake nc ikhoza kunena kuti khomo ndi lotsegula, pulogalamu n'kumaumirirabe kuti palibe node.

Mukhoza kudzionera nokha. Lembani curl ku 9200 ndi /_nodes/transport?pretty, muyang'ane publish_address ya node iliyonse. Ikayamba ndi 172 pamene netiweki ya ofesi yanu ndi 192.168, mwamugwira.

Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kuuza node iliyonse kuti izilengeza adiresi ya seva yeniyeni kudzera mu network.publish_host, koma popeza onse atatu ali pa makina amodzi, aliyense adzafunanso port yakeyake, ndipo mukalakwitsa pang'ono ma node adzasiya kuonana okhaokha. Sindingakulangizeni zimenezo alimi ali pamzere. Ikani sniff kukhala false, pulogalamu izigwiritsa adiresi yomwe mwaipatsa basi. Node yomwe yalandira funso imadziwa yokha kufunsa anzake mkatimo.

Mukatsegula 9300, itsegukire netiweki ya ofesi yokha. Elasticsearch 7.17 ikangoikidwa kumene sifunsa pasiwedi mpaka mwini atayatsa chitetezo, ndipo Docker ikatulutsa port imalemba malamulo ake mu iptables amene amalambalala ufw, chida chimene ambiri amatsekera nacho ma port. Munthu akhoza kuganiza kuti watseka pamene sanatseke. M'makinamo muli mayina a anthu ndi zimene akolola, si zinthu zosiya poyera.

Nyengo yogula mpunga ikatha, muyambe kuganiza zomusiya TransportClient. A Elastic analengeza kuti akumusiya kuyambira mtundu 7.0 ndipo anamuchotseratu mu 8.0, womwe unatuluka mu Febuluwale 2022. M'malo mwake muli Java API Client, yomwe imadzera pa 9200 ngati curl, moti chimene mwayesa ndi dzanja n'chimene pulogalamu ikuona. Dziwiranitu kuti mtundu 8 umabwera chitetezo chili choyaka kale: mukalemba http m'malo mwa https, curl idzangoti Empty reply from server, ndipo mudzafunika satifiketi yotchedwa http_ca.crt pamodzi ndi pasiwedi.

Pali china chimene simunafunse koma chandikhudza powerenga kalata yanu. Ma node amakhala atatu n'cholinga choti imodzi ikafa, awiri otsalawo athe kusankha master, node yotsogolera anzake, n'kupitiriza ntchito. Anu atatu onse akudya pa soketi imodzi ndi disiki imodzi. Disikiyo ikawonongeka, makope onse apita limodzi. Ngati ndalama ya makina ena palibe chaka chino, konzani zoti snapshot, kope la zolemba zonse, izitengedwa tsiku lililonse n'kusungidwa pa chipangizo china, ndipo tsiku lina muyese kuibwezeretsa kuti mutsimikize kuti imagwiradi.

Koma lero yambani ndi nc pa 9300, muli pa kompyuta ya pulogalamu. Zikakanabe, nditumizireni zinthu zitatu: yankho la nc, mzere wa publish_address, ndi gawo la pulogalamu limene likumanga TransportClient, mutachotsamo mapasiwedi.