Kavidiyo ka CCTV kabwera pa WhatsApp, ndikakhulupirire?

Mayi ena a golosale ku Luwinga andilembera imelo. Akuti eni nyumba awatumizira pa WhatsApp kavidiyo kakafupi ka CCTV kosonyeza mnyamata wogulitsa m'golosale ya mayiwo akutulutsa makatoni a sopo madzulo. Mnyamatayo wakanitsitsa, akuti ndi ka tsiku lina pamene anatumidwa ndi mayiwo. Funso lawo ndi lakuti adziwa bwanji zoona.

Mayi, musamuchotse ntchito kaye. WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, ndipo zambiri zosonyeza kumene inachokera zimatayika panjira. Ngati wina anangojambula sikirini ndi foni, ndiye kaya.

Pitani kumene kuli DVR, bokosi losunga zojambulazo, ndipo musachedwe, chifukwa likadzaza limafufuta zakale n'kulembapo zatsopano. Akukopereni pa flash inu mukuona, kuyambira ola limodzi zisanachitike mpaka ola limodzi pambuyo pake, osasintha mtundu wa fayilo. Makina a kampani ya Dahua, mwachitsanzo, amatulutsa fayilo ya .dav, ndipo pulogalamu yawo ya Smart Player imatha kuyesa ngati wina anaigwiragwira.

Koma pa nkhani yanuyi vuto lalikulu ndi tsiku, ndipo anthu amakhulupirira kwambiri timanambala ta tsiku ndi nthawi ta pakona pa vidiyo tija. Kawirikawiri tsiku ndi nthawi amachita kuika munthu. Komanso kabatire ka m'kati mwa bokosilo kakatha, magetsi akangozima wotchi imasokonekera, ndipo kuzima kwa magetsi kuno sitiuzana. Imani patsogolo pa kamera, yerekezani nthawi ya pasikirini ndi ya pafoni yanu, mulembe kusiyana kwake. Kenako yang'anani zimene wotchi singabise: pansi panali ponyowa? Tsiku limenelo mvula inagwa ku Luwinga? Sopo wa mtundu umenewo munaoda liti? Buku lanu la katundu lingayankhe zimenezi kuposa katswiri wa kompyuta.

Masekondi akamadumpha musafulumire kunena kuti adulamo. Makamera ambiri amawatchera kuti azijambula pokhapokha chinthu chikasuntha.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola umboni wa pakompyuta kukhoti, koma adzafuna kudziwa amene anakopera, tsiku lake, ndi amene ankasunga. Lembani zimenezo, flash yoyambayo muitsekere, apolisi muwapatse kope. Ndipo kavidiyoko musakaponye m'magulu a Facebook nkhope ya mwana wa eni ake ili poyera. Eni nyumba akakana kukuonetsani DVR, kauzeni apolisi kuti akaione okha.